Mwamuna wa pa Chithunzi

Chithunzicho chinazungulira mudzi wonse wa Tuan Tu mwini wake asanachione. Sani anangodabwa kuti m'mawa umenewo, akuchokera kumunda ndi mtolo wa anyezi panjinga yamoto, amayi ogulitsa nsomba pamphambano anasiya kukangana n'kumuyang'ana onse pamodzi. Wina anamukodola ndi chibwano.

"Mkwatibwi, mudzatiitaneko. Ifenso makeke timadya."

"Mkwatibwi wa ndani, azakhali?"

"Tamumvani. Akufuna timutchulire dzina."

Atafika kunyumba anapeza uthenga pafoni. Unachokera kwa Tuyen, mtsikana wa m'tauni ya Phan Rang amene ankathandiza m'shopu yotsukira zithunzi ya makolo a Khiem, mnyamata wojambula zithunzi. Tuyen sankamulembera Sani popanda chifukwa.

"Achemwali, zabwino zonse. Chithunzi chanu chapambana pampikisano. Koma mumatha kubisa. Bambowa ndi ooneka bwino ndithu."

Sani anakhala pansi pakhonde n'kuchitsegula. Anadziona yekha pamsana pa chitunda cha mchenga cha Nam Cuong, atavala diresi lake lalitali lobiriwira, mtsuko uli pamutu, dzuwa likutuluka kumbuyo kwake, lalikulu ngati lichero. Ndipo pambali pake panali Jamin, mnyamata woweta nkhosa wa m'mudzi momwemo, chipewa chili m'manja, pakamwa pake pali pakhosi pa Sani ngati akumunong'oneza zimene anthu sanena masana. Pansi pake panalembedwa kuti "Okondana a pamchenga," kenako dzina la wojambula: Khiem.

M'mawa wa tsikulo ankaukumbukira bwino. Jamin anali pa chitunda china, kutali koti ngakhale ukanakuwa mphepo ikanadya mawuwo asanafike. Koma lenzi yaitali ya kamera ya Khiem, imene anthu a m'mudzi ankaitcha mzinga, inali ndi khalidwe lake. Inkakoka zinthu zotalikirana n'kuzipanikiza pamodzi, moti chitunda chakutali chinkaoneka ngati chaberekedwa kumsana kwa chinzake. Anamuphunzitsa zimenezi ndi Khiem yemweyo.

Sani anayamba ngati atsikana ena onse a m'mudzimo, amene ojambula a m'tauni ankawalemba ganyu yoyenda pamchenga ndi mitsuko. Khiem ankaima patali ndi mzinga wake n'kumamuuza zochita pafoni. Yenda. Ima. Tembenuka. Tsiku lina anati, "Usaseke," Sani n'kuseka, ndipo kuyambira pamenepo foni sinkadulidwanso ntchito ikatha. Chilimwe chija chinatha, china n'kubwera, iwo akadali kukumana kuseri kwa zitunda kumene kulibe wowadziwa.

Uthenga wina unalowa. Unali wa Khiem.

"Wamva? Tapambana. Usakwiye, ndikufotokozera."

* * *

Amayi ake, mai Hanim, anali atachiona kale pafoni ya mnansi. Sani anawapeza kuseri akusankha mpunga, akuimba chapansipansi, chinthu chimene sanachite chimwalirireni mwamuna wawo.

"Ukanangondiuza," anatero osadzutsa mutu. "Ine kumavutika kukunyengerera za Jamin, osadziwa kuti ndikukoleza moto woyaka kale."

"Amayi, Jamin anali kutali. Ndi makina aja amachititsa."

"Makinawo ndi amene anamuvula chipewa?"

"Kunali mphepo."

"Mphepo." Anatola kamwala mumpungamo n'kukaponya kutali. "Maso angawa akalamba koma sanafe, mwana iwe."

Sani anakhala pa mpando waung'ono n'kuyamba kusenda anyezi amene sankafunika kusendedwa. Ankadziwa kumene nkhaniyo ikupita, chifukwa inkadutsa njira yomweyo nthawi zonse. Iye anali mzime. Kwa Achamu, mtundu wa anthu a m'mudzimo, nyumba imatsalira mwana wamkazi womaliza, pamodzi ndi miyala ya kumanda a makolo, ndipo mwamuna ndi amene amasamuka kudzakhala kwa mkazi. Ngakhale kukapempha ukwati amapita ndi akuchikazi.

"Alongo ako ali kuchikamwini. Akulu ako ali ndi makomo awo. Khomo lino ndi lako. Pamafunika munthu woti adzalowe pano, azidya zimene timadya, azisala zimene timasala. Jamin samwa, nkhosa ali nazo, amayi ake tinakulira limodzi. Ndipo tsopano mudzi wonse waona. Lero akuseka. Tikachedwa asiya kuseka, ayamba kunena."

"Sindimukonda, amayi."

"Ukukonda ndani? Uja wa mzinga uja?"

Mpeni unaima m'manja mwa Sani.

"Ukuganiza kuti sindidziwa? Mkinh uja, wosakhala Mchamu ngati ife, mwana wamwamuna mmodzi yekha wa makolo ake. Iyeyo angasiye guwa la makolo ake kudzasesa bwalo lako? Nyengo yonseyi amakutsitsa pamphambano ngati thumba la feteleza. Munthu ali ndi miyendo iwiri koma chipata changa sachidziwa." Anapeta mpungawo kamodzi, mwamphamvu. "Ndalankhula ndi amalume ako a Samat. Lachisanu m'mawa apita kwa a Jamin kukapempha."

Limenelo linali Lachitatu.

* * *

Masana Sani anavala chisoti n'kulunjika kutauni. Sanamuuze Khiem kuti akubwera.

Muholo ya chionetsero cha zithunzi za mpikisano uja munali mozizira, mukununkhira utoto. Zithunzi zambiri zinali za mchenga womwewo umene iye ankauchotsa m'tsitsi tsiku lililonse: zitunda zosanjikizana ngati nsalu zopinda, mthunzi wa ngolo, nkhosa zitandandalika pamzere. Chake chinali pakhoma la kutsogolo, chachikulu kuposa chitseko. Pakamwa pa Jamin panali papakulu ngati dzanja.

Khiem anali ataima pomwepo, atavala malaya oyera, akulankhula ndi azibambo awiri. Pambali pake panali Tuyen, akumukonza kolala imene inali bwinobwino. Ndipo pampando panakhala mayi wamfupi wovala magalasi, amene Sani ankawadziwa pazithunzi zokha: mai Lieu, amayi a Khiem.

Amene anayamba kumuona ndi Tuyen.

"Amayi, taonani amene wabwera. Mwini chithunzi."

Khiem anatembenuka, ndipo nkhope yake inachita ngati ya munthu amene waponda munga pamaso pa alendo. Koma mai Lieu anali atanyamuka kale. Anamugwira Sani dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Ndiwe ameneyu? Pachithunzi ndiwe wamtali. Bwera kuno ndikuone bwino." Anamuyang'ana kumaso mokoma mtima, ndipo kukoma mtimako ndi kumene kunamuopsa Sani. "Mwanawe, undikhululukire. Ine ndinakuganizira zoipa."

"Zoipa zanji, amayi?"

"Mwana wangayu tsiku ndi tsiku kumchenga. Akabwera nsapato zodzaza mchenga, chakudya osachiyang'ana, foni ili kukhutu. Anthu n'kumandiuza kuti wakodwa ndi mtsikana wachichamu. Ndinadwala nazo, Tuyen ndi mboni. Ndiye tsiku lina anandikhazika pansi n'kundionetsa chithunzichi pakompyuta. Akuti, Amayi taonani, munthuyu ali ndi wake, ine ndimangomulemba ganyu. Tsiku limenelo ndi limene ndinadya mpunga n'kuumva kukoma."

"Amayi," anatero Khiem.

"Taleka, ndikupepesa kwa mnzako. Munthu ukalakwa umapepesa." Anamusisita Sani pamkono. "Mnyamatayu akuoneka wofatsa. Ukwati ndi liti?"

Sani anayang'ana Khiem. Iye ankayang'ana pansi, pamatailosi.

"Sindinauzidwe tsiku, amayi," anayankha.

"Akakuuza utidziwitse. Khiem adzakujambulirani ulere. Si choncho, Tuyen?"

"Ine ndidzanyamula maluwa," anatero Tuyen, akumwetulira mpaka mano onse kuoneka.

Sani anawerama mwaulemu monga anaphunzitsidwira, n'kutuluka.

* * *

Khiem anamupeza poimika njinga, akulimbana ndi lamba wa chisoti amene ankakana kulowa.

"Sani, taima."

"Ndaima kokwanira. Ndaima pamchenga wotentha, mtsuko uli pamutu, inu mukuti usagwedezeke."

"Undimve kaye."

"Munadikira nthawi yaitali bwanji?"

"Kudikira chiyani?"

"Kuti pakamwa pake pafike pakhosi panga." Mawu ake anali otsika, moti Khiem anachita kuyandikira kuti amve. "Ndimadziwa mmene mumajambulira. Mumasuntha miyendo ya kamera, mumagwada, mumadikira. Tsiku lija munandiuza kuti, bwerera kumanzere. Pang'ononso. Pang'ononso. Basi, pomwepo. Ine ndinkati mukufuna dzuwa."

Khiem anapukuta thukuta pamphumi ndi mkono wa malaya oyera aja.

"Poyamba ndinangoona kuti chikhala chokongola. Ndikulumbira. Anthu awiri, mzere wa chitunda, dzuwa. Wojambula aliyense akanachita chimodzimodzi. Zowaonetsa amayi zinabwera pambuyo. Magazi awo amathamanga, Sani. Tuyen anali atawauza zinthu, m'nyumba munalibe mtendere. Ndinkangofuna ndipeze nthawi."

"Nthawi mwaipeza. Mwapezanso mphoto."

"Dzina la chithunzi lija sindinalisankhe ndine. Anzanga a kukalabu ya ojambula anati lopanda dzina lotero silingapambane."

"Ndiye anzanu anakugwirani dzanja."

Galimoto ya mphesa inadutsa, fumbi n'kuwakuta onse awiri. Sani anamuyang'ana munthu uyu amene ankadziwa kuti iye amaopa agalu, amene anayenda ulendo wautali mvula ikugwa kukamugulira mankhwala a amayi ake, amene ankati akamuona mu lenzi mtima wake umaima. Zonsezo zinali zoona. N'chifukwa chake zinkapweteka.

"Mumandikonda ndikakhala kutali," anatero. "Pamenepo ndimakwana bwino m'kamera mwanu. Ndikayandikira ndimabwera ndi amayi anga, ndi mudzi wanga, ndi zosala zanga."

"Si zoona."

"Amalume akupita kwa a Jamin Lachisanu kukapempha."

Apa ndi pamene Khiem anadzutsa mutu. "Chifukwa cha chithunzi? Koma aliyense akudziwa kuti lenzi ija..."

"Aliyense wa kukalabu kwanu. Kwathu chimene diso laona, laona." Lamba uja analowa. "Bwerani mawa. Osati pamphambano. Mulowe pachipata, mukhale pamphasa. Muwauze amayi za mzinga wanuwo, kenako muwauze kuti ndinu ndani kwa ine. Zonse ziwiri."

"Ndibwera."

"Zonse ziwiri, Khiem."

"Ndati ndibwera."

Pakhomo la holo Tuyen anali ataima ndi botolo la madzi, akuwayang'ana ngati munthu amene akudikira basi imene akudziwa kuti ifika.

* * *

Pobwerera, pamene msewu umadutsa m'mphepete mwa zitunda, nkhosa zinatseka njira. Kumbuyo kwake kunali Jamin ndi ndodo paphewa.

"Mkazi wanga wa pachithunzi," anatero akuvula chipewa. "Mwaswera bwanji?"

"Musayambe, achimwene. Lero sindinadzuke bwino."

"Ine ndadzuka bwino kwambiri. Chibadwire sindinakhalepo ndi chithunzi chabwino. Cha pachiphaso ndimaoneka ngati wakuba mbuzi. Lero amayi akulozera aliyense wodutsa kuti, mwamuona mwana wanga, ali pakhoma kutauni."

Sani anazimitsa njinga. "Auzeni anthu kuti munali kutali."

"Ndawauza. Ndati ndinali kuseri uko, ndikusaka nkhosa yotsimphina, chipewa chinauluka ndi mphepo ndiye ndinachitola. Andiseka mpaka wina kutsamwa ndi tiyi. Akuti nkhosa yakeyo yovala diresi lobiriwira."

Jamin anaponya kamwala kubweza nkhosa imene inkalowera kumunda wa adyo, ndipo atatembenuka nthabwala zinali zitachoka pankhope pake.

"Koma ndikuuziretu, Sani, kuti usadzanene kuti ndinakubera. Amalume ako akabwera, ine sindikana."

"Mukudziwa kuti mtima wanga uli kwina."

"Ndikudziwa. Ndimakuonani m'mawa uliwonse, iwe pa chitunda ichi, iye pa chitunda icho. Ndinkangoti mwina mkuluyu ali ndi chifuwa, akuopa kumupatsira mtsikanayu." Anavala chipewa. "Ine ndakudikira kuyambira tili kusukulu. Sindinakuvutitse. Ngati mnzangayo wandiika pafupi nawe ndi manja ake, ukufuna ndichokepo ndekha? Sindine wabwino choncho."

"Ndiye mukhala ndi mkazi woganiza za munthu wina."

"Nkhosa yogula kumene imalira masiku oyamba. Kenako imadya."

"Ine si nkhosa."

"Ayi," anavomera Jamin mofatsa. "Ndanena molakwika. Koma zimene ndakuuzazo sindibweza."

Anaimba likhweru, nkhosa n'kupatuka. Sani anadutsa pakati pawo osacheuka.

* * *

Khiem anabwera Lachinayi dzuwa litapendeka. Anaimika njinga pachipata penipeni, Sani akusuzumira pawindo. Anali ndi dengu la mphesa m'dzanja limodzi, chikwama cha kamera m'dzanja lina. Anavula nsapato, anawerama, anakhala pamphasa moyang'anizana ndi mai Hanim ndi a Samat. Kumpanda kunali kutadzaza kale mitu ya anansi amene mwadzidzidzi anafuna kubwereka mchere.

Sani anabweretsa tiyi n'kugwada pambali.

Khiem analankhula bwino. Anapepesa chifukwa cha phokoso limene chithunzicho chinabweretsa. Anati Jamin anali kutali, ndipo ngati akulu alola, awaonetsa. Anatulutsa mzinga uja n'kuumangirira pamiyendo yake pachipata. Anapempha a Samat kuti aime pakati pa bwalo, ndipo kumapeto kwa mpanda, pafupi ndi khola, kunali mbuzi itakwera pamwala. Anagwada, anasuntha pang'ono, anadina.

A Samat atayang'ana pagalasi la kamera anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Hanim, tabwera uone. Mbuzi yakhala paphewa panga. Ikundinyambita khutu."

Anansi ena analowa osaitanidwa kudzaona. Kamera inayenda m'manja ambiri. Wina anati nzeru za masiku ano n'zoopsa, munthu akhoza kukukwatitsa kwa ng'ombe. Sani anamva katundu akutsika pamapewa pake. Theka la ntchito linali litachitika.

Mai Hanim okha sananyamuke. Anadikira mpaka phokoso litatha ndipo Khiem wabwerera pamphasa.

"Ndamva," anatero. "Makina ananama. Koma makina sayenda okha kupita kumchenga. Anawagwira ndani?"

"Ndine, amayi."

"Munaona kuti akunama?"

"Ndinaona."

"N'kukapachika bodzalo pakhoma, ndi nkhope ya mwana wanga." Anamwa tiyi pang'ono. "Chabwino. Zachitika. Tsopano ndifunse china. Ojambula amabwera kuno ambiri, amajambula ana athu, amapita. Palibe anabwerapo ndi mphesa kudzatsuka dzina la mtsikana. Inu mwabwera. Ndinu ndani wake?"

Ngakhale a kumpanda anasiya kunong'ona. Sani anayang'ana manja ake.

Foni ya Khiem, imene anaiika pamphasa pafupi ndi bondo lake, inayamba kunjenjemera. Sani anali pafupi moti anaona dzina limene linawala pagalasi. Anali amayi ake. Khiem anaiyang'ana mpaka inasiya. Inayambanso. Anaitembenuza chafufumimba, koma inkamvekabe ikulira pamphasapo ngati kachilombo.

"Ine," anayamba. "Ine ndi Sani tagwira ntchito limodzi nthawi yaitali, amayi. Ndimamulemekeza kwambiri. Ali ngati mchemwali wanga."

"Mchemwali," anabwereza mai Hanim. Sanamwetulire. Anayang'ana mwana wawo, ndipo m'maso mwawo munalibe chipambano, munali chisoni chokha. Sani akanakonda akanamuseka.

Sani anaika ketulo pansi bwinobwino, osataya ngakhale dontho.

"Amalume," anatero, mawu ake akumveka mpaka kumpanda, "mawa mupite. Makeke ndiphika ndekha."

"Sani," anatero Khiem.

"Achimwene, imwani tiyi wanu. Akuzizira."

Analowa m'nyumba. Patapita kanthawi anamva njinga ikulira pachipata, kenako phokoso lake likuchepa cha kumphambano. Foni yake inayamba kuitana. Anaizimitsa n'kuiponya pansi pa zovala mubokosi.

* * *

Lachisanu a Samat anafika atavala nsalu yoyera yochapa kumene, pamodzi ndi azakhali awiri. Makeke anali okonzeka, osanjidwa pathireyi limodzi ndi masamba otafuna ndi nthochi, zonse zitavundikiridwa ndi nsalu yofiira. Azakhaliwo anayamikira kuti makekewo apsa bwino. Palibe anafunsa chifukwa chimene maso a wophikayo anatupira.

Pachipata a Samat anacheuka.

"Mwana wa mlongo wanga, ndikadutsa apa sindibwerera m'njira. Watsimikiza?"

"Pitani, amalume."

Anapita. Sani anatenga tsache n'kuyamba kusesa bwalo limene linali losesa kale. Anasesa pamene panaima miyendo ya kamera, anasesa mpaka kukhola. Dengu la mphesa lija analipereka kwa mbuzi.

Dzuwa linali litakwera ndithu pamene takisi inaima pachipata. Munatuluka mai Lieu, opanda magalasi, tsitsi losapesa, akukoka chikwama chachikulu chimene zipi yake inali yosatseka. Mkono wa malaya unkakwekwereka m'fumbi.

"Ali kuti?" anafunsa.

Mai Hanim anatuluka kukhitchini akupukuta manja. "Mukufuna ndani, mayi?"

"Mwana wanga. Musandinamize, nonsenu mwandinamiza kokwanira." Anamuloza Sani ndi chala. "Iwe. Ndinakugwira dzanja. Ndinakupepesa pamaso pa anthu, iwe uli phee, ukudziwa."

"Amayi, Khiem sali kuno."

"Anati akubwera kuno." Mai Lieu anapitiriza. "Dzulo wafika kunyumba osalankhula ndi munthu. Wayatsa lubani paguwa la makolo, wagwada, kenako watiitana ine ndi bambo ake. Akuti chithunzi chija n'chabodza. Akuti wakukana pamaso pa amayi ako ndipo sangakhalenso ndi nkhope imeneyo. Akuti akukwatira iwe, akakhala kwanu, nkhumba asiya, guwa alisamale mwana wa mng'ono wa bambo ake. Bambo ake anamumenya mbama, munthu wamkulu ndevu zili pepeya. Anamuuza kuti akatuluka asadzabwerenso. Anatuluka. Ngakhale kamera sanatenge."

Anakankha chikwamacho ndi phazi, n'kugwera mkati mwa chipata, zovala n'kukhuthukira pabwalo losesa lija.

"Ngati mwamutenga, mutengeretu ndi izi. Koma ndimuone kaye."

Sani sanamve zimene amayi ake anayankha. Anathamangira m'nyumba, anafukula foni pansi pa zovala, anaiyatsa. Mauthenga analowa motsatizana, onse a Khiem. Anawerenga womaliza.

"Ndawauza zonse. Ndagona kwa mnzanga. Ndifika kwanu kusanache, ndidzanena pamaso pa amayi ako zimene ndinalephera kunena. Uwaimitse amalume. Chonde."

Kusanache. Anayang'ana pawindo, dzuwa lili pamwamba pa denga la khola. Anaimba. Foni inaitana, inaitana, n'kuduka. Anaimbanso. Ulendo uno inayankha ndi mawu a makina, akuti nambalayo sikupezeka.

Anatuluka foni ili m'manja. Amayi awiri aja anali ataima pachipata, wina mkati wina kunja, zovala za Khiem zili pakati pawo, ndipo onse anamuyang'ana.

"Akuti chiyani?" anafunsa mai Lieu. "Ali kuti mwana wanga?"

"Sindikudziwa, amayi. Anayenera kufika kalekale."

Mai Lieu anagwira mtengo wa chipata. Mai Hanim, amene moyo wawo wonse sanakhudzepo mkazi wachikinh, anawagwira chigongono kuti asagwe. Koma maso awo sanali pa mlendoyo. Ankayang'ana kumsewu, ndipo Sani anatsatira maso awo.

A Samat ankabwera pakati pa msewu, azakhali awiri aja ali pambuyo pawo akuseka. Banja likakana, thireyi imabwerera yovundikira monga inapitira. A Samat anali atakoleka nsalu yofiira ija paphewa, ndipo thireyi anaipanira m'khwapa, yopanda kanthu.